Dzenje m'nyumba ya a Claudia

Chirimba, Blantyre
12 Juni 2024

Okondedwa bambo a Angella,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse pamudzi. Ine kuno ndadzuka, ngakhale kudzuka kwake n'kochita kugwiridwa. Ndalemba kalata chifukwa pafoni ndimakuwa mpaka aneba a Angella kutuluka panja, inu osamva kanthu. Makina a kufakitale ya tiyi anakudyerani makutu, ine dengu la tiyi linandidyera chiuno, ndiye tizingolemberana ngati tili pachibwenzi. Austin wa minibasi wavomera kumatinyamulira makalata.

Opaleshoni inayenda bwino. Anadula mutu wa fupa lija linaperepeseka n'kuikapo chitsulo. Dokotala ataona mphini zimene ananditema asing'anga a ku Milange, anaziwerenga mpaka kutopa, n'kundifunsa ngati zinathandizapo. Ndinamuuza zoona, kuti zinkathandiza masiku awiri, chimodzimodzi mafuta otikita aja ndi nsanza yotentha munkandithowa nayo ija. Mabrufeni ndinkameza ngati mtedza aja wandiletsa, akuti ndiwo ankandiotcha m'mimba. Pano ndikumwa panado ndi timapiritsi tina ta masiku ochepa, ndipo pabala Angella amandiikapo madzi oundana okulunga m'kansalu, kuzizira konseku.

Ululu ulipo, koma ndi wina. Wakale uja unali ngati munthu akupera mchenga m'kati mwa fupa. Uwu ndi wa bala basi, ndipo tsiku lililonse ukucheperako.

Chikundisowetsa mtendere ndi malamulo. Miyezi itatu osakhala pansi, osagwada, osanjuta, osapingasa miyendo, osawerama kutola kanthu. Bondo lisakwere kuposa chiuno, apo ayi chitsulo chiguluka, tibwerere kumpeni. Ulendo wautali andiletsa mpaka dokotala adzandionenso pa 16 Julaye. Angella akapita kuntchito ndimatenga ndodo zanga ziwiri, kuchoka pakhomo kufika pageti, kubwerera, kupitanso, mpaka galu wa eni nyumba wasiya kundiuwa. Munthu ndinazolowera kuona phiri ndikatuluka, kuno ndikuona mpanda wa njerwa.

Tsopano mundiuze za achemwali anga a Claudia. Ndinawasiya atagonekedwa kuchipatala cha paboma, ndipo aliyense amene ndamufunsa akungoti alipo. Kulipo kwake kotani? Inu simudziwa kunama, n'chifukwa chake ndafunsa inu. Mbuzi zisandithere nandolo. Mukapeza wophika kalongonda mundipatsireko Austin, zakudya za kuno n'zosalowa m'kamwa.

Ndine mkazi wanu,
Esmeralda

Limbuli
19 Juni 2024

Mayi a Angella,

Kalata yanu ndinalandira dzulo, ndaiwerenga katatu. Ine ndili bwino. Nandolo alipo, mbuzi ndikumanga. Kalongonda ndapatsa Austin m'kachitini, mumufunse asanamalize.

Mwati ndisaname. Alamu a Claudia anawatulutsa Lachisanu, koma sanawatulutse chifukwa achira. Madokotala anauza achimwene anu a Americo kuti chotupa cha m'mimba chija chafalikira, akapumire kunyumba. Awapatsa mankhwala amadzi oletsa ululu, a m'kabotolo, ndipo akuwathandiza ndithu. Amayi a kutchalitchi akusinthana kuwadwazika.

Ndinawanyamulira bedi lathu, akana. Mukuwadziwa. Chiyambire nkhondo ija, pamene zipolopolo zinkaboola makoma kwanu ku Milange, iwo pabedi sagona, ndipo akuti kuchipatala apirira mokwanira. Ali pamphasa yawo pabalaza. Mawu achepa kwambiri. Ine n'kale lomwe sindimva, koma ngakhale a makutu abwino akuchita kugona chafufumimba kuti amve zimene akunena.

Za kusanjuta zija ndaziganizira. Ndikukhoma mpando wa matabwa woboola pakati kuti ndiike m'chimbudzi. Tengani chingwe muyeze kuchokera pachidendene kufika kuseri kwa bondo, muonjezere zala zitatu, mudule, mupatse Austin. Sindifuna kuchita zongoyerekeza.

Mverani a dokotala. Ndifulumire adadya gaga.

Mwamuna wanu,
Mateyo

Chirimba
23 Juni 2024

Bambo a Angella,

Moni. Chingwe ndi chimenecho. Kalongonda anafika theka, Austin akuti chitini chinkadontha, koma pakamwa pake ndinapaona.

Chiwerengereni kalata yanu mtima sukukhazikika. Ndikakhala ndikufuna kuima, ndikaima ndikufuna kuyenda, ndipo kuyenda kwake n'kofika pageti basi. Ndikuganiza chinthu chimodzi chokha. Tinene kuti dokotala wandilola, ndafika kumudzi, ndalowa m'nyumba mwa achemwali. Ndiyeno nditani? Iwo pamphasa, ine pampando wautali ngati mlendo wa boma? Kuwerama sindingathe, mawu awo sindingamve, phala sindingawamwetse. Munthu amene anandibereka kumbuyo kuoloka mtsinje wa Muloza madzi ali m'chifuwa, ine ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, mayi athu titawasiya kutsidya atafa, lero ndikamuyang'ane pamutu ngati ndikuyang'ana m'chitsime? Bola osapita kumene. Koma kusapitako ndiye sindingakuthe.

Ndikuuzeni musanamve kwa mwana wanu. Lachisanu ndinayesera. Ndinaika khushoni pansi, n'kugwira tebulo, n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono. Ndili pakati, m'chiuno munayaka moto, kutsika kunakanika, kukwera kunakanikanso. Angella anandipeza ndikulendewera patebulo thukuta lili kamukamu. Anandidzutsa, kenako anandikalipira ngati ndine mwana wake, akulira.

Dzulo tinapita kuchipatala kwa mayi amene amandiphunzitsa kuyenda. Wati chitsulo chili m'malo, ndithokoze Mulungu, ndisadzabwerezenso. Ndinamufunsa ngati palibe njira iliyonse yoti munthu akhalire pansi. Iye wati chiuno sichidziwa mpando kapena mphasa, chimangofuna kuti mapazi akhale mmunsi, bondo lisakwere. Ndinamuyankha kuti kwathu pansi ndi pansi, kunsi kwake kulibe kwina. Anangoseka, n'kundionjezera masewera a mwendo, kukweza ndi kutsitsa kakhumi m'mawa, kakhumi masana.

Mundilembere sabata iliyonse, ngakhale mizere iwiri. Muwauze achemwali kuti ndikubwera.

Esmeralda

Limbuli
30 Juni 2024

Mayi a Angella,

Moni. Mpando wa m'chimbudzi watha, ndauyesa ndekha, ndi wabwino.

Alamu afooka sabata ino. Phala akumwa masipuni atatu, anayi akachita mwayi. Amayi owadwazika akuti akutchula dzina lanu kawirikawiri, ndipo chitseko chikatseguka amatembenuza maso. Sindikukuuzani kuti muphwanye lamulo la a dokotala. Ndikungoti mukawafunse ngati tsiku lija angalisendeze pafupi.

Mawu a mayi wokuphunzitsani kuyenda aja andikhala m'mutu. Ndaganiza kanthu, ndiyamba mawa. Chingwe chanu chigwiranso ntchito ina.

Mateyo

Muloza
4 Julaye 2024

Angella, mwana wa mlongo wanga,

Moni wa masiku. Ine ndili bwino, kushopu kukuyenda pang'onopang'ono, anyamata a kabaza akugula machubu okha. Foni yako ndaimba kawiri sunayankhe, komanso nkhani iyi ndafuna ikhale papepala kuti wina asadzakane.

Bambo ako, akunyado, ndiye kuti alamu angawo, kaya apenga, kaya pali chimene akudziwa. Lachiwiri ndinapita kukaona mayi ako aakulu. Ndinapeza mulu wa dothi pakhomo. Kulowa m'nyumba, bambo ako ali m'dzenje lofika m'mawondo, akukumba pambali penipeni pa mphasa ya wodwala. Dzenje lake lamakona anayi, loyeza ndi chingwe ngati mmene amachitira adzukulu kumanda. Munthu akupuma, maso ali gwa, wina n'kumamukumbira pambali. Ndinakuwa, iwo osatembenuka, mpaka ndinachita kuwalanda khasu. Anayamba kufotokoza za mwendo wa mayi ako, ine sindinafune kumva. Mwendo uli ku Blantyre ukukhudzana bwanji ndi dzenje lili kuno?

Mudzi wonse wamva. Amayi awiri a kutchalitchi asiya kubwera, akuti sangalowe m'nyumba muli manda. Ena akuti bambo ako akufulumizitsa maliro kuti alime dimba la mlongo wanga. Mawu amenewo si anga, koma sindinawatsutse.

Mwini mbumba ndine. Mkamwini, ngakhale akhale pamudzi zaka makumi atatu, asamakule mwendo. Ndawapatsa mpaka Lamlungu la pa 14 kuti akwirire. Akapanda kutero anyamule katundu wawo abwerere kwawo ku Thuchila. Uwauze mayi ako zimenezi, asadzati sanamve.

Malume wako,
Americo

Limbe
7 Julaye 2024

Ababa,

Muli bwanji? Kalata iyi ndikulembera kuntchito, amayi sakudziwa. Iwo mwendo ukupita patsogolo, ayamba kuyenda ndi ndodo imodzi m'nyumba ndipo timapiritsi tamphamvu tija asiya, atsala ndi panado.

Ndili ndi mlandu. Kalata yanu ya pa 30 Austin anandipatsa kudepoti, ndinaitsegula, ndipo mpaka lero ili m'chikwama changa. Mundikhululukire, koma inu simunawaone akulendewera patebulo paja. Akanaiwerenga akanakwera minibasi tsiku lomwelo, kumbuyo kwenikweni mawondo ali pachibwano, n'kukatsirizira pakabaza. Dokotala anandiuza ine ndemwe kuti chitsulo chikaguluka, kukonzanso kumavuta kuposa poyamba. Zaka zisanu ndi chimodzi amayi akukwawa ndi ululu, lero ayamba kuongoka, ndiye tiwataye chifukwa cha ulendo umodzi? Amayi aakulu ndimawakonda, koma iwo sitingawabweze. Amayi anga tingathe kuwasunga.

Chikundipweteka n'chakuti tsiku lililonse amaima pageti kudikira Austin. Akuti mwawaiwala, kapena mukubisa maliro. Ine ndimangowerama, ndipo chakudya sichikundilowa.

Tsopano kwabweranso kalata ya amalume. Ndaiwerenga mutu waima. Iyonso ndaibisa. Ababa, ine ndimakudziwani, simungafunire munthu zoipa, koma mukukumba chiyani m'nyumba ya wodwala? Kwirirani chonde, asakuchotseni pamudzi mutakalamba kale. Mundiyankhe msanga, kalata ifikire kuntchito kuno.

Mwana wanu,
Angella

Limbuli
10 Julaye 2024

Angella mwana wanga,

Ndili bwino. Ndasangalala kumva za ndodo imodzi.

Ndikukumba mpando wa mayi ako. Anandilembera kuti chiuno chimangofuna mapazi akhale mmunsi. Wodwala sakwera pabedi, mayi ako satsika pamphasa, ndiye ndinaona kuti chotsala n'kutsitsa mapazi. Kuya kwake ndayeza ndi chingwe chawo chija. Mbali imodzi ndasema masitepe awiri n'kuzika mtengo wogwirira, m'mbali ndayala njerwa kuti lisagumuke. Atsika ndi ndodo yawo, atembenuka, akhala m'mphepete pamene pali mphasa. Chiuno chiziyesa kuti chili pampando, pamene iwo ali pansi limodzi ndi mkulu wawo.

Ndisanakumbe ndinapempha eni nyumba, mayi ako aakulu. Ndinagwada n'kuwafotokozera zonse. Zimene anayankha sindinamve, koma anandigwira dzanja n'kuloza okha malo ake, ndipo anaseka mpaka kutsokomola. Kulakwa kwanga n'kwakuti sindinayambe ndauza amalume ako, ndinkaona masiku akuchepa. Khasu anapita nalo, ndamaliza ndi chikwanje ndi mbale. Anthu akandiona kumsika amapatuka, ena amalankhula, koma ubwino wa makutu angawa ndi umenewo. Kukwirira sindikwirira. Ngati n'kuchoka ndichoka, mayi ako atakhalapo kaye.

Koma iwe walakwa kuposa ine. Ndikudziwa wachita chifukwa cha mantha, inenso mantha ndili nawo. Komabe chiuno ndi chawo, m'bale ndi wawo, kalata inalinso yawo. Uwapatse makalata onse pamodzi ndi iyi, asankhe okha. Ukawabisira mpaka maliro, adzayenda bwinobwino moyo wawo wonse, koma kwanu kumeneko sadzapondako.

Bambo wako,
Mateyo

Chirimba
13 Julaye 2024

Bambo a Angella,

Ndawerenga onse atatu. Mwana wanu sindikumulankhula. Chikwama ndinamanga nthawi yomweyo, ndinafika nacho pageti. Kenako ndinadzifunsa kuti munthu wakumba ndi chikwanje kuti chitsulo chisaguluke, ine ndikachigulule m'minibasi? Ndidikira dokotala Lachiwiri, ngakhale masiku atatu amenewa sindikudziwa kuti ndiwadutsa bwanji. Lachitatu Austin andisungira mpando wakutsogolo.

Achemwali muwauze andidikire. Achimwene muwauze kuti ngati akuthamangitsa munthu, athamangitse tonse awiri. Musakwirire.

Esmeralda

Limbuli
30 Julaye 2024

Angella,

Moni mwana wanga. Tinasiyana pamaliro tisanalankhulane bwino, anthu anali ambiri ndipo mtima wanga unali udakali wouma. Ndiye ndakulembera.

Ulendo uja ndinayenda monga ananenera dokotala. Austin ankaima ndikamuuza, ndinkatsika n'kuongola mwendo, anthu m'minibasi akung'ung'udza. Titafika ku Limbuli anakana kuti ndikwere kabaza, anapatuka ndi anthu ake omwe mpaka pakhomo pa mayi ako aakulu.

Pakhonde ndinapeza amalume ako atakhala ndi khasu pamiyendo. Akuti Lamlungu lija anabwera kudzakwirira okha, koma anapeza bambo ako atakhala m'dzenjemo manja ali pachifuwa, ndipo munthu wamoyo sukanamuthira dothi. Kuyambira tsiku limenelo ankangolonderana. Ndinawapatsa moni nditaimirira n'kulowa.

Achemwali anali atatha, Angella. Pansi pa bulangete panali ngati palibe munthu. Ndinagwira mtengo uja, kutsika sitepe yoyamba, yachiwiri, kutembenuka, kukhala. M'chiuno munali zii. Amayi amene analipo anawasendeza n'kuika mutu wawo pantchafu yanga yabwinoyi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, milomo ikugwedera, ndipo ndinawamva bwinobwino osawerama.

"Esime, ine ndimati m'dzenje ndiyamba ndine. Wandipitirira."

Ndinaseka ndikulira, mayi wina n'kuthawira panja poyesa kuti zachitika. Amalume ako anasuzumira pakhomo n'kufunsa kuti wanena chiyani. Apo m'pamene ndinadziwa kuti chitulukireni kuchipatala iwo anali asanamve mawu a mlongo wawo, chifukwa ndi mimba yawo ija ndi mawondo awo aja kugona chafufumimba sangathe. Tsiku lachitatu anavula nsapato, anatsika masitepe a bambo ako n'kukhala pambali panga. Zimene anauzana ndi mlongo wawo n'zawo. Madzulo ake khasu linapezeka litatsamira pakhoma pathu, ndipo za ku Thuchila sizinatchulidwenso. Kupepesa ndiye usayembekezere, ukuwadziwa.

Ndinakhala nawo masiku asanu. Ndinkawamwetsa phala ndi mankhwala awo, kuwapukuta kumaso, kuwapesa. Ola likakwana ndinkatuluka n'kuzungulira nyumba ndi ndodo monga anandiphunzitsira, iwo n'kumandinena kuti ndayamba kuyenda ngati msilikali. Anandiuza pamene anaika mayi athu, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa sukulu ina kutsidya, chinthu chimene zaka zonsezi ankakana kundiuza. Lolemba m'mawa anamwa masipuni awiri, anati ndiwaimbire, ndipo ndisanamalize ndime yachiwiri mutu unalemera pantchafu panga. Zotsatira unaziona wekha. Amayi onse anakhala pamphasa kuzungulira bokosi, ine pakati pawo pamalo panga, palibe amene anali pamwamba pa mnzake.

Za kalata ija sindikubisira, zimandiwawa. Ndikanaiwerenga pa nthawi yake ndikanamukakamiza dokotala, kapena akanandilola msanga, masiku asanu aja akanakhala khumi. Kapenanso ndikanathawa osamuuza, lero ndili chigonere kuchipatala, achemwali atapita osandiona. Ndaziganiza mbali zonse mpaka kutopa, yankho sindikulipeza, ndiye ndasiya. Ndiwe mwana wanga, unandisambitsa ndi kundinyamula mwezi wathunthu ndi theka. Ubwere mwezi wamawa, nandolo akhala atakhwima.

Mwendo uli bwino. Panado ndikumwa kamodzi patsiku, masiku ena ndimaiwala. Masewera ndikuchita, mpando wa bambo ako ndikugwiritsa ntchito, ndipo kuchipatala ndidzabwera pa tsiku limene analemba.

Nyumba ya achemwali akuti aikonze, mukhale mwana wa amalume ako. Bambo ako abwera kawiri ndi khasu kuti akwirire, kawiri konse ndawauza kuti mawa. Lero ndakhalamonso m'mawa wonse. Mphasa yawo anaipinda kale, palibe womumwetsa phala, koma mudzi wonse uno ndi malo okhawo amene ndingakhale pansi n'kulira ngati munthu. Bambo ako aimika khasu panja, akhala pakhonde, akundidikira.

Ndine mayi wako,
Esmeralda